Kaseti Yachitatu

Germiston
14 Ogasiti 1994

Amake Asha,

Asalamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa mwana wathu Asha ndi wa amayi. Chifuwa chawo chija chikuti bwanji ndi mwera wa chaka chino? Ine kuno ndili bwino, Alihamudulila, kupatula kuzizira kumene kwandisandutsa nkhalamba. A Benedicta, inu amene mukumuwerengera Maimuna kalatayi, landiraninso moni wanga, ndipo musaseke malembedwe. Ine ndinalekera sitandade faifi, aphunzitsi ndinu.

Ntchito ndaipeza. Si ya kumgodi ngati ija ndinkagwira ndisanakukwatireni. Ndi pa fakitale ina yopanga mathanki achitsulo, akuluakulu oti mutaimika imodzi pakhomo pathupo ikhoza kubisa nyumba ndi mtengo wa mango womwe. Kapitawo anangondiyang'ana kuondaku, nati ndine woyenera kulowa m'kati. Mwaona, Amake Asha, thupi lija munkaliseka kuti ndi la usipa wouma ndi limene landipezera ntchito. Ndimalowera pa kabowo, chogogodera cha mphepo chili m'manja, n'kumasalaza mmene awotcherera. Nthawi yomweyo anzanga akumenya ndi nyundo kunja. Za phokoso musafunse. Pa jekihama ya kumgodi ndinkati ndaona zonse, koma kuja kunali kusewera.

Ndikaweruka makutu amalira nziii osaleka. Anzanga akuti zimatha ukazolowera. Ine ndimawauza kuti sadziwa kanthu: kwathu khutu likamalira ndiye kuti wina akukutchula, ndipo ine ku Malengachanzi ndinasiya mayi, mkazi ndi mwana, onse a pakamwa posatopa.

Tsopano nkhani yaikulu. Mohamedi wa ku Linga, uja amanyamula katundu wa anthu pa galimoto kuchokera kuno, anyamuka kumapeto kwa mwezi. Ndamupatsa wailesi ya kaseti, makaseti anayi opanda kanthu ndi mabatire. Inzake yofanana nayo ndasunga kuno. Mukanikize batani lofiira pamodzi ndi loyandikana nalo, kenako mulankhule ngati ndakhala nanu pakhonde. A Benedicta asakhumudwe, koma pali nkhani zina za m'nyumba zimene munthu sangazidutsitse pa cholembera cha mnzake. Ndiye tipangane lero: nkhani zazikulu ndi za kumtima muziziika m'kaseti, osati papepala. Pepala limadutsa m'manja ambiri.

M'thumba la wailesiyo mupezamo tizinthu tiwiri tachikasu pa kachingwe. Ndi totsekera m'makutu, amatipatsa kuntchito. Ife olowa m'kati sitivala. Thanki amaitembenuza ndi makina, ndipo wakunja amayamba wakuwa kuti ugwiritse. Akuti mnyamata wina anatseka makutu, sanamve, nathyoka nthiti zitatu. Ndiye ndani angafune zimenezo? Mumpatse Asha, mwina zikhala ndolo za chidole chake.

Ndamva kuti sukulu tsopano ndi yaulere. Asha akalembedwe, asatsale. Kangachepe ndatumiza ndi Mohamedi musakasunge m'chitini, kwacha ya masiku a matipate ano imasungunuka uli kuiyang'ana. Mugule mbewu ya mpunga ndi shuga wa amayi.

Ndine bambo wa Asha,
Fakiri

Germiston
20 Novembala 1994

Amake Asha,

Asalamu alaikumu. Ngati nonse kumeneko mwadzuka bwino, ndiye kuti inenso ndadzuka bwino. Thupi lili m'malo, ntchito ikuyenda.

Kaseti yafika. Mohamedi anandipatsa Lachisanu potuluka mumzikiti, ndipo sindinadikire ngakhale kudya. Amake Asha, ndinamva nyanja. Munajambulira kuseri kwa nyumba, eti? Mafunde ankamveka kumbuyo kwa mawu anu, pamodzi ndi tambala wa a Benedicta uja wosadziwa nthawi. Asha anawerenga mpaka twente, koma seveni anamusiya panjira, muwauze aphunzitsi ake akamutole. Amayi anandidalitsa bwinobwino, kenako n'kuyamba kundikalipira kuti ndinachoka osakonza chitseko cha khola la mbuzi. Ndinaseka mpaka misozi. Kuseka kutatha misoziyo inapitirira yokha.

Koma ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Chifukwa cha chimwemwe ndinaitsegula m'chipinda muli anzanga atatu amene ndimakhala nawo. Sindinadziwe kuti kumapeto mwasungako mawu aja a mikanda. A Benedicta, apa werengani mothamanga. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamadutsa, anthuwa amagwedeza m'chiuno n'kumandifunsa ngati yoyera ija idakapachikidwa pamsomali. Akuluakulu a ndevu zawo, opanda manyazi. Ndalumbira kuti kuyambira lero kaseti yanu ndizimvera ndekha, khutu la munthu wina silidzaimvanso. Choncho musaope, lankhulani momasuka.

Chimodzi chokha: muziyandikira pa wailesipo, ndipo muziika mabatire atsopano. Mawu a Asha ndi aang'ono ngati a udzudzu, ndinachita kubwereza katatu kuti ndiwagwire. Anunso penapake amathawa.

Pano pali mkulu wina wa ku Dwambazi, a Abdallah, amene akhala m'mathanki zaka zisanu ndi zinayi. Munthu wabwino mtima, koma akamalankhula amakuwa ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja. Ukawafunsa za kumudzi amakuyankha za nyengo, kwinaku akumwetulira. Timawaseka, iwonso n'kumaseka nafe, osadziwa kuti nthabwalayo ndi iwowo. Tsiku lina anandikoka khutu nati ndizivala tachikasu tija. Ndinawauza kuti tanga tili ku Nkhotakota, tikukongoletsa chidole. Sanamve. Anangogwedeza mutu n'kumapita.

Amayi muwauze kuti lonjezo langa lilipobe. Nyumba yawo ndidzaifolera ndi malata, aleke kutchera mabeseni mvula ikamagwa. Sindiponda ku Malengachanzi ndisanakwanitse zimenezi, anthu asadzati Fakiri anapita ku Joni kukaona magetsi. Nazale ya mpunga mufese msanga. Bwato mumubwereke mlongo wanu, bola asaliguze pamiyala monga anachitira chaka chija.

Makutu akulirabe. Chepetsaniko kunditchula, munthune ndipumeko.

Ndine wanu,
Fakiri

Germiston
9 Epulo 1995

Amake Asha,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira Ramazani munaimanga bwino ndipo Idi munadya ndi mtendere. Nanga amayi? M'kalata yanu a Benedicta analemba kuti aonda. Muziwaumiriza kudya, inu mumawadziwa kuti akakana kawiri, kachitatu amalandira. Ine ndili bwino. Kamutu kamandivuta masiku ena, koma si kanthu.

Pepani ndachedwa kuyankha. Kaseti yachiwiri inafika yoonongeka. Ndikuganiza kuti Mohamedi anaisiya padzuwa kutsogolo kwa galimoto, ngakhale iye akukana mpaka kulumbira. Tambala ndamumva, mafunde ndawamva, koma mawu anu akumatirirana ngati mpunga wochuluka madzi. Ndagwirapo za sukulu ya Asha ndi dzina la mlongo wanu. M'kalata mwadandaula kuti za bwato zija munandifunsa m'kaseti sindinakuyankheni. Chitani mmene mwaonera, inu ndi amene muli pafupi ndi madzi. Ulendo wina muzilankhula pang'onopang'ono, pakamwa pali pa wailesi penipeni.

Kunotu zinthu zambiri zayamba kuonongeka nthawi imodzi. Chokuzira mawu cha kumzikiti sichikugwira bwino, shehe akamalalikira umangoona ndevu zikugwedezeka. Wotchi yanga yodzutsa inasiya kulira, koma anzanga a m'chipinda akuti imawasokosa. Anthu a kuno nawonso atengera khalidwe lolankhulira m'mano. Sabata yatha minibasi inandikhudza chigongono ndikuwoloka msewu, dalaivala n'kutsika kudzanditukwana kuti waimba hutala kanayi. Bodza lenileni. Musade nkhawa, ndi khungu chabe linasupuka, ndipo amayi musawauze.

A Abdallah aja anachoka. Kunabwera anthu ndi galimoto yokhala ndi kachipinda m'kati, nawalowetsamo akuluakulu okhaokha amene akhalitsa pantchito. Akuti umavala zinthu m'makutu, ukamva kulira n'kukanikiza batani. A Abdallah anakhala m'menemo batani lili m'manja, kudikira, mpaka anawatsegulira chitseko. Lachisanu lake anawauza kuti asabwerenso. Amene ali ndi mapepala a dziko lino amapatsidwako kena kake. Ife obwera tokha timangopatsidwa chipata. Ndinawaperekeza kokwerera basi. Anandiuza zambiri mokuwa, anthu onse n'kumatiyang'ana, ine manyazi andigwira. Tsopano ndikamakumbukira mmene tinkawasekera, sindimva bwino. Akuti galimoto ija imabwera chaka ndi chaka.

Koma zimenezo ndi za okalamba. Ine ndidakali ndi mphamvu, ndipo kapitawo amandikonda chifukwa sindidandaula. Ndayambanso kugwira Loweruka kuti za malata zifulumire.

Mpunga ukacha musagulitse kwa mavenda a pamsewu mwezi woyamba. Dikirani. Asha mumuuze kuti chithunzi cha nsomba chija anajambula ndachimata pamwamba pa bedi langa. Anzanga akuti ndi ndege, ine ndikudziwa kuti ndi kampango.

Ndine wanu nthawi zonse,
Fakiri

Germiston
24 Seputembala 1995

Amake Asha,

Asalamu alaikumu. Moni kwa inu, kwa Asha, kwa amayi ndi kwa a Benedicta. Ine ndili bwino ndithu.

Kaseti yachitatu yafika dzana, yokha, yopanda kalata. Ndamva zonse. Ndaimvera kasanu, wailesi ili pakhutu mpaka inatentha. Ndasangalala kwambiri kuti ulendo uno amayi alankhula nthawi yaitali chotere. Ndinawazindikira ndi kakhosomole kawo kaja. Ndipo kumapetoko ndawamva akuseka, inunso mukuwayankha. Mtima wanga wakhala pansi, chifukwa munthu wodwala saseka chonchija. Muwauze kuti mawu awo onse ndawasunga.

Nayi nkhani yoti iwasekese kachiwiri. Za malata zatheka. Mohamedi akafika mupite naye ku boma mukasankhe, osati opyapyala aja amalira ndi mphepo. Misomali ndi mitengo ndidzaona ndekha. Asafolere munthu wina, ndikufuna ndidzakwere padenga ndekha amayi atakhala pamkeka akundilozera polakwika. Ndidzabwera ikatha Ramazani, Inshaala. Panopa sindingachoke, pali mathanki asanu ndi limodzi ofunika Disembala isanafike, ndipo ukachoka pakati pa ntchito pobwera umapeza wina walowa pa kabowo kako. Amayi apirire pang'ono. Miyezi isanu si zaka.

Ngati panali china chimene munafunsa, yankho langa ndi lakuti chitani zimene zili zoyenera. Ndimakukhulupirirani.

Masiku ano sindichezacheza. Ndikaweruka ndimangokhala pabedi n'kumayang'ana kampango wa Asha. Anzanga akuti ndayamba kunyada chifukwa amandipatsa moni ine osayankha. Asiyeni anene. Pagulu pamatopetsa, aliyense amalankhula nthawi imodzi.

Mbuzi yaikazi ija ikabereka musagulitse mwana wake, tidzamufuna pa tsiku lofolera.

Wanu,
Fakiri

Germiston
3 Disembala 1995

Maimuna,

Asalamu alaikumu. Za moyo wanu ndikuopa kufunsa. Za wanga palibe chonena.

Kalata yanu yafika Lachinayi. Ndawerenga kuti amayi anatisiya pa 6 Novembala, naikidwa tsiku lomwelo, ndipo m'manda anawatsitsa ana a anthu ena. Ndawerenga kuti kalata yanga ija ya malata, a Benedicta anawawerengera amayi kawiri, iwo n'kutembenukira kukhoma. Ndawerenga kuti a Benedicta anafuna kundilembera mosabisa kuti matenda akula, inu munakana, munati munthu amene wamva mawu a mayi ake enieni n'kuyankha za mbuzi, pepala silingamusunthe. Mwafunsa ngati ndili ndi mkazi kuno. Mwati arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi ija, ikatha mubwerera kwanu ndi Asha. Simunalakwe pa chilichonse, kupatula za mkaziyo.

A Benedicta, ndikukupemphani, apa musathamange ndipo musadumphe liwu.

Maimuna, ine makutu anatha. Ndine gonthi. Ndalilemba liwuli koyamba lero. Sikuti kuli zii. Injini ndimaimva, chitseko chikamenyetsedwa ndimachimva, ndipo kulira kuja ndinkati mukunditchula sikusiya usana ndi usiku. Koma munthu akamalankhula ndimangomva kuti akulankhula, ngati anthu ali kuseri kwa khoma. Mawu a akazi ndi ana ndi amene anayamba kuthawa. Munthu akaima patsogolo panga ndimamuyang'ana pakamwa n'kutolako. Kaseti ilibe pakamwa.

Yachiwiri ija sinali yoonongeka. Mohamedi ndinamunamizira. Yachitatu sindinamve liwu ngakhale limodzi. Ndinazindikira chifuwa cha amayi, ndinamva kaphokoso kokwera ndi kutsika kumapeto, ndipo ndinasankha ndekha kuti kumeneko ndi kuseka, chifukwa ndi zimene ndinkafuna. Kenako ndinatenga cholembera n'kulemba kuti ndamva zonse.

Mufunsa kuti bwanji sindinapatse munthu andimvere. Inenso ndadzifunsa masiku atatu ano. Ndinkati ndikusunga lumbiro lija la mikanda, kuti za m'nyumba mwathu zisasekedwenso. Koma chenicheni ndi chakuti ndinkaopa. Ukauza mmodzi m'chipinda, mawa kapitawo wadziwa, ndipo ndinali nditaona a Abdallah ali pa basi ndi chikwama chimodzi. Ndinkaopanso kusekedwa mmene ine ndinkawasekera. Lamulo loti nkhani zazikulu ziziikidwa m'kaseti ndinaika ndine. Inu munangolisunga. Ndikanangolemba mzere umodzi kuti Maimuna, zibwerezeni papepala, ndikanawapeza amayi ali moyo. Panali masabata asanu ndi limodzi, ulendo wake ndi wa masiku atatu.

Lachisanu, swala itatha, ndinatsalira mumzikiti. Ndinawapempha shehe kuti titseke chitseko, amvere kasetiyo, andilembere zonse. Ndi munthu wa ku Mangochi, Chichewa amachidziwa. Analemba pang'onopang'ono, akuimitsa ndi kubwereza. Pena anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Ine ndinali pamphasa, kuyang'ana cholembera chikuyenda. Pepalalo lili pano. Inu munalipo pojambula, koma ndikufuna ndiwalembe ndi dzanja langa, mudziwe kuti tsopano afika:

“Fakiri mwananga, ndine mayi ako. Akuti ukatsegula kabokosi aka umandimva ngati ndili pompo. Ndiye tamvera. Ine mvula ya chaka chino sindiiona. Kuchipatala andibweza, akuti ndikapumire kunyumba. Malata akowo ndawakana, madontha ndinawazolowera kalekale. Bambo ako anatsitsidwa m'manda ndi alendo, iwe uli kumgodi. Ine ndikufuna manja ako. Bwera, ngakhale chimanjamanja. Wamva, Fakiri?”

Shehe analemba m'munsi kuti pamenepo amayi anakhala chete, kaseti ikungozungulira, ngati akudikira ndiwayankhe. Anafunsanso kachiwiri. Anadikiranso. Anafunsa kachitatu. Kaphokoso kaja ndinkati kuseka anali iwo akulira, mpweya ukuwathera, inu mukuwasisita ndi mawu akuti, “Amva, amayi. Akangoitsegula amva.”

Munandiikira umboni, Maimuna, ine ndinakuchititsani manyazi pamaso pa munthu woti akufa. Amayi apita akudziwa kuti mwana wawo anamva n'kusankha malata. Zimenezi sindingazikonzenso, ndipo zikundiwawa kuposa imfa yeniyeniyo.

Arubaini sindiipeza, Mohamedi kulibe ndipo za ulendo zonse zinapita ku malata. Mbuzi ija iphedwe pa sadaka. Sindikukuletsani kupita kwanu. Ndikungopempha kuti musapite mukuganiza kuti ndinamva.

Fakiri

Germiston
25 Febuluwale 1996

Amake Asha,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli moyo, inu ndi Asha. Miyezi iwiri ndi theka yadutsa popanda kalata yanu, ndipo sindikudandaula. Ine ndilipo. Ramazani ndamanga yonse, Idi ndinakaswali n'kubwerera kuchipinda.

Galimoto ya kachipinda ija inabwera mu Januwale. Sanandiitane, zaka zanga pano n'zochepa, koma ndinapita ndekha kukaima pamzere. Kapitawo anandikoka malaya kuti ndichoke, ine ndinakana. Ndinakhala m'menemo batani lili m'manja. Ndinakanikiza kanayi kokha, ndipo kawiri ndikuganiza kuti kanali kulira kwanga komwe kwa masiku onse. Mayi amene ankayezayo anandilembera papepala kuti zimene zinapita sizibwerera, palibe mankhwala, koma zotsalazo ndikhoza kuzisunga ndikachoka m'phokoso. Anafunsa ngati sanandipatse zotsekera. Ndinati anandipatsa. Sindinamuuze za chidole. Lachisanu lake anandionetsa chipata, monga a Abdallah. Chodabwitsa n'chakuti potuluka mtima unapepuka.

Anzanga a m'chipinda tsopano akudziwa. Palibe anaseka. Mmodzi wayamba kuvala tachikasu take, ndipo wapangana ndi wakunja kuti asamakuwe, azikoka chingwe chomangidwa pamwendo. Chinthu chaching'ono chotero, Maimuna. Chingwe.

Dzana Mohamedi wafika. Ndamupepesa za dzuwa lija. Wandilembera pa paketi ya shuga kuti anakupezani pakhomo pathu, osati kwanu, mukuchapa yunifolomu ya Asha, ndipo malata ali chitsamire kuseri kwa nyumba, osamasula. Kenako anatulutsa kaseti yachinayi. Akuti munachita kumupatsa nokha pamanja. Kalata palibe.

Poyamba ndinapsa mtima, ndinati mkazi uyu akundilanga. Nditakhala pansi ndinaganiza kuti mwina pali mawu amene simungawauze a Benedicta, ndipo njira ina mulibe. Ndinakuphunzitsani ndine. Mwinanso ndi chilango ndithu, ndipo ngati ndi choncho ndachilandira.

Ndaimvera ndekha. Mwadzaza mbali zonse ziwiri. Ndikudziwa kuti ndinu chifukwa cha mmene mumapumira pakati pa nkhani. Kaya mwandikhululukira, kaya mukundiuza tsiku lonyamuka, zonse zili m'menemo ndipo ine sindikuzidziwa. Shehe anati abwere andilemberenso. Ndawathokoza, ndakana. Iyi si ya cholembera cha munthu wina.

Ndinyamuka ndi Mohamedi pa 10 Malichi. Katundu ndilibe, ndi wailesi yokha ndi kampango wa Asha. Ndikatsika pamsewu ndidzayamba kumanda. Ndikawachitira amayi duwa, pemphero lathu lija, ndipo funso lawo lija ndikawayankha zoona, ngakhale mochedwa. Ndikachoka kumeneko ndidzabwera pakhomo. Asha mumuuziretu kuti akandiitana kumbuyo ine osatembenuka, asaganize kuti bambo ake samufuna. Azindigwira dzanja.

Kumapeto kwa mbali yachiwiri kuli kaphokoso kokwera ndi kutsika. Ndakabwereza kambirimbiri. Ulendo uno sindisankha ndekha kuti ndi chiyani. Kasetiyi ndikubwera nayo m'thumba la malaya. Mudzaime patsogolo panga, kunja kukuwala, mudzanene pang'onopang'ono zonse zili m'menemo. Zikhale zokoma, zikhale zowawa, ndidzakuyang'anani pakamwa mpaka mutamaliza, ndipo pamene sindinamve ndidzanena kuti sindinamve.

Ndine bambo wa Asha,
Fakiri